Ulemu wa Bondo Lakumanzele

Ku Nyimba kuli mudzi wina kumene mpaka lelo anyamata ofuna kukwatila amauzidwa kuti atengele chitsanzo kwa ine. Ndakhala ndikulandila ulemu umenewu ndi manja awili kwa zaka zambili. Koma chikumbumtima chandikwana, ndipo amene ankadziwa zoona anagona kale, choncho ndiulule: ulemuwo si wanga. Ndi wa bondo langa lakumanzele.

Zinachitika masiku aja dziko lili ndi chipani chimodzi, ine ndili ndi bondo limodzi. Linalo ndinaliwononga ku koleji ya uphunzitsi, kumene ndinakhala chaka ndi miyezi iwili (sindinathawe ayi, ine ndi akuluakulu a pakoleji tinangogwilizana kuti ndaphunzila zokwanila). Ndinagwa ndikuthamangila mpila umene unali utatuluka kale m'bwalo. Kuyambila pamenepo bondolo linalandila ufulu wodzilamulila. Kukazizila limawawa, kukatentha limatupa, ndipo likakwiya limangokhoma, osapindika, osawongoka, mpaka litafuna lokha.

Ntchito ndinaipeza pa depoti ya chimanga pa Petauke, yokhala pampando n'kumayang'ana muvi wa sikelo. Amai ogulitsa vitumbuwa ndi nsawa zokazinga ankakhala pageti pomwepo. Munthu wosayenda koma wotafuna, mapeto ake mukuwadziwa. Tsiku lina onyamula matumba anandinyengelela kuti ndikwele pasikelo. Muvi unadutsa pamene umaima thumba la chimanga osachita ngakhale moni.

"Thumba limodzi ndi matini awili!" anakuwa mmodzi wa iwo. "Giledi wani, lopanda anankafumbwe!"

Ngakhale zinali choncho, Esinati, mtsikana wa ku Nyimba amene ankasoka zovala pa Boma, anandilola. Mawu anapelekedwa kwawo. Amai ake sanakane. Vuto linali amalume ake, a Mumba, mwini mbumba, amene mawu awo ndiwo anali omaliza. Uthenga wawo unabwela ndi Esinati mwini.

"Akuti za koleji alibe nazo kanthu, khasu silifunsa satifiketi. Koma amva kuti mukakhala pansi mumadzutsidwa ndi anthu. Akuti mubwele akuoneni ndi maso. Mukapezeka otelo, mwana wa mlongo wawo sangapite kukakhala nesi wopanda yunifolomu."

"Liti?"

"Loweluka lachitatu kuchokela lelo."

Mmawa mwake ndinapita kwa a Sakala, othandiza adokotala, amene ankalidziwa bondo langa kuposa ine. Analisinasina, kenaka anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali ndithu.

"Bambo, bondo ili lasenza katundu woposa msinkhu wake. Chepetsani mitanda ya nsima, vitumbuwa musiye, ndipo muzipalasa njinga. Koma pamalo osalala, theka la ola patsiku, kwa miyezi itatu. Zitunda ayi. Kugwada ayi."

"Nanga ngati ndili ndi milungu itatu chabe?"

"Ndiye muli ndi milungu itatu ya theka la ola. Bondo siliwelenga kalendala."

Apa ndi pamene maphunzilo anandipweteka. Munthu wosapita ku koleji akanangomvela. Ine ndinatenga pensulo. Theka la ola kwa masiku makumi awili ndi limodzi ndi maola khumi ndi theka. Nanga n'kuwamwazilanji? Ndinaganiza zowasonkhanitsa onse n'kuwapalasa tsiku limodzi, kuchoka pa Petauke mpaka ku Nyimba, kuti a Mumba aone okha thukuta lake. Za chakudya ndinachitanso chimodzimodzi: ndinadya monga mwa nthawi zonse, n'kusunga njala yonse kuti ndiimve masiku awili omaliza. (Masamu amenewa ndawayang'ananso kambilimbili. Alibe cholakwa.)

Esinati anatsogola pa basi Lachisanu. Asanakwele anandilangiza.

"Mawu anapita kale, ndiye amai ndi apongozi anu tsopano. Mukakumana nawo panjila mupatuke, mugwade, maso pansi. Osawalankhula, osawakhudza, osadzuka mpaka atadutsa. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Amaiwo ndinali nditawaonapo kamodzi chapatali, akugulitsa nthochi pamsewu wa ku Nyimba: aafupi, oyenda mokoka pang'ono mwendo wakumanja.

Ndinanyamuka Loweluka kum'banda kucha, jekete ndi tayi nditamanga pakaliyala, kadi ya chipani ili m'thumba. Maola awili oyamba ndinaimba nyimbo. Ola lachitatu ndinazindikila kuti msewu umene pa basi umaoneka wosalala anaumanga ndi zitunda zokhazokha. Malole ankandidutsa, amene ali pamwamba pa katundu akundiombela m'manja. Pofika masana bondo linali ngati dzungu, m'maso mukuyenda nyenyezi. Pa Nyimba amai a nthochi ananditsekela njila ndi mikoko yakupsa, ine n'kukana. (Pa zonse zimene ndinachita tsikulo, ichi chokha ndi chimene ndimanyadila.)

Dzuwa litapendeka ndinasiya tala n'kulowa kanjila ka kumudzi. Ndinavala jekete, kumanga tayi, n'kuyamba kukankha njinga. Kanjilako kanafika pamalo opanikiza: kumanja mpanda wa minga wa dimba, kumanzele khwawa la matope. Patsogolo pang'ono panali kampata kolowa m'nthochi. Ndipo potulukila pa kampatako ndinaona mzimai wamfupi, ndowa ya madzi pamutu, akukoka mwendo wakumanja.

Popatukila panalibe. Ndinaponya njinga pansi n'kugwada pomwepo, pakati pa njila, maondo onse awili, thupi lonse pamwamba. Bondo lakumanzele linangoti gwa! Linakhoma.

Iwo naonso anandizindikila (munthu wa thupi lotele, wovala tayi, Loweluka limenelo, sakanakhala wina). Monga mwa mwambo anabwelela m'kampata kaja, kundifulatila, n'kuima kudikila kuti mkamwini adutse. Ine kudikila iwo, iwo kudikila ine. Ngakhale akanafuna kudutsa, njila yonse ndinali nditaitseka ine ndi njinga.

Ndinayesa kudzuka mwakachetechete. Ululu unakwela kuchoka m'bondo mpaka m'mano. Ndinayesanso. Palibe. Ndili chigwadile ndinaona chinanso: gudumu la njinga linali litagwela pa mzele wa linthumbu lodutsa njila, ndipo linthumbulo linali litayamba kufufuza amene wachita zimenezi.

Patapita nthawi, apongozi anatsokomola.

"Iwe njinga," anatelo, nkhope ili ku nthochi, "uza mwini wako kuti njila ndi yake. Madzi akulemela."

Ndinayang'ana njinga. Sinaonetse chidwi chopeleka uthenga.

"Iwe ndowa, uza amai kuti ine ndine mwana, sindingayambe kudutsa."

"Njinga, ulemu tauona. Wakwana."

"Ndowa, kwathu ku Petauke timagwada nthawi yaitali."

Linthumbu linali litapeza khomo la thalauza. Loyamba linaluma pakatumba, lachiwili pamwamba pake, ena anapitilila ulendo wa kumpoto. Thukuta linkadontha pansonga ya tayi. Sindinadzikande, poopa kuti ndikangosuntha dzanja ndigwela m'khwawa.

Kenaka mawu aja anabwelanso, koma otsika.

"Njinga, kodi ndi lakumanja kapena lakumanzele?"

Ndinaganiza zonama. Ndinaganizanso za linthumbu.

"Lakumanzele, ndowa."

"Lakhoma?"

"Lakhoma."

"Langa ndi lakumanja," anatelo, ngati akuuza nthochi. "Chaka chino ndi chakhumi."

Asanapitilize, tinamva wailesi. Inali kubwela kuchokela kumudzi, ikuimba nyimbo zotamanda chipani, ndipo inali kuyandikila. Sindinafunike kuuzidwa mwini wake. Esinati anali atandiuza kuti a Mumba sapita ngakhale kukhola osatenga wailesi. Ndinakankha pansi ndi manja onse, mitsempha ya m'khosi mpaka kutuluka. Thumba limodzi ndi matini awili sizinasunthe.

Anatulukila: munthu wamtali, wouma ngati mpini, khasu paphewa. Anaima pamaso panga. Ndinkaona zala za kumapazi zokha.

"Ndiye ameneyu?" anafunsa. Anandizungulila mbali imene akanatha. "Thupi lilipo. Dzuka, mnyamata, ndione msinkhu."

Ndinamuona Esinati m'maganizo akukwela basi yobwelela ku Petauke yekha, ine ndikumangidwa pakaliyala ngati mbuzi.

"Alongo, mwakalamba mpaka kuiwala mwambo?" anatelo apongozi, osatembenuka. "Adzuka bwanji ine ndili pano?"

"Ndiye dutsani, amake Esinati."

"Ndidutse bwanji? Ndimulumphe mkamwini?"

A Mumba anakanda chibwano. "Wagwada kuyambila liti?"

"Kuyambila mthunzi uli pampanda. Ndamuuza katatu kuti wakwana, akukana."

Anawelama kundiyang'anitsitsa. Linthumbu lina linali litafika pakolala, likuyenda pa tayi ngati pa mlatho.

"Ndi linthumbu lomwe?"

"Sanagwedezeke n'komwe."

"Njingayi wachoka nayo kuti, mnyamata?"

"Pa Petauke, bambo," ndinayankha ndi mawu a mwana wa mbuzi.

A Mumba anazimitsa wailesi. Ndinamva pambuyo pake kuti sanaizimitsepo chigulile, ngakhale pamalilo.

"Ana a masiku ano amapeleka moni manja ali m'thumba," anatelo pang'onopang'ono. "Uyu wapalasa kuchoka pa Petauke kudzadyedwa ndi linthumbu pamaso pa apongozi ake. Ine zotele sindinazione."

"Ndiye musamuonjezele mavuto," anatelo apongozi. "Chotsani njingayo panjila, mupite nayo kumudzi, mukauze ana agwile tambala. Ine ndidutsa, iye adzuka."

Anatola njinga n'kupita. Ndinaiona ikuchoka ndi chisoni, chifukwa inali nkhoswe yanga yokhayo.

Wailesi itayambanso kumveka patali, apongozi anatula ndowa. Anazula mtengo wa mphanda umene unkachilikiza mkoko wa nthochi, n'kubwela chammbuyo, phazi ndi phazi, mtengo uli paphewa, nsonga yake italoza kwa ine.

"Iwe mtengo, uza munthu asalimbane nalo. Ayambe wakhala pansi chammbali. Agwile pansi pa bondo ndi manja awili, agwedeze chidendene pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati akupeta. Asafulumile."

Ndinachita monga mtengo unanenela. Kachisanu, bondo linati tswa! n'kumasuka. Misozi inatuluka yokha.

"Mtengo, manje agwile."

Ndinagwila. Mzimai wamfupi uja, wa bondo limodzi ngati ine, nkhope ili kwina, anakoka, ndipo katundu amene onyamula matumba ankamuseka anaimilila. Podutsa, phazi lawo linagunda ndowa, madzi onse n'kukhuthukila pamiyendo yanga. Linthumbu linathawa, bondo linazizila.

"Ndowa iyi ilibe khalidwe," anatelo, akuitola n'kubwelela kuchitsime.

Kumudzi ndinalowa ndikuyenda ndi mtengo uja. A Mumba anauza anthu kuti munthu amene wapalasa kuchoka pa Petauke ali ndi ufulu wotsimphina. Mawu awo anali amodzi: "Mwana tapeleka." Tambala anaphedwa. Koma mbale yanga itabwela munali mtanda umodzi waung'ono, masamba ambili, ndi phiko.

"Amai akuti mtengo wawauza kuti zimenezi zikukwanilani," ananong'ona Esinati, akuluma milomo kuti asaseke.

Titakwatilana ndinakhala kumudziko nyengo yonse imene depoti inali yotseka. Mmawa uliwonse uthenga unkabwela kudzela mwa mtondo, nkhuku kapena chitseko, wakuti mkamwini ayende mpaka kudimba n'kubwelela, pang'onopang'ono, njila yosalala. Ndinaiyeza ndi wotchi: theka la ola. Chaka chitatha ndinakwela sikelo ya padepoti, matini awili aja anali atachoka.

Chimene sichinachoke ndi mbili. Pa ukwati uliwonse, pa chinkhoswe chilichonse, a Mumba ankaimitsa mwambo.

"Mkamwini, aonetse anyamatawa kagwadidwe."

Ndipo ndinkagwada, pamaso pa mudzi wonse, ndikupempha bondo kuti lisakhomenso. Nthawi zonse apongozi ankapezeka ali pafupi, atandifulatila, akudandaula kuti anthu akumutopetsa mkamwini, abalalike kaye. Zaka makumi awili tinakhala pabwalo limodzi osalankhulana ngakhale liwu limodzi, koma palibe munthu amene ndinacheza naye kwambili ngati iwo. Mtengo uja ndinausema ndodo. Ndinapita nayo kumanda tsiku lowaika, ndipo ndinaiuza mawu oti iwauze.

Phunzilo lake ndi loonekelatu: theka la ola ndi theka la ola, thupi silidziwa masamu. Ndinalimvetsa bwino lomwe. Mwezi uno adokotala andipatsa masewela olimbitsa bondo, mphindi khumi tsiku lililonse. Ndawelengela kale, zikukwana maola asanu, ndipo Loweluka lomaliza la mwezi ndilibe kopita.