Tsiku limene ndinawathandiza a Lorenzo kumaliza nyimbo

Ku Pollokshields, dera lina la ku Glasgow, kuli holo ina ya tchalitchi imene ndikamadutsa pa basi ndimayerekeza kuti ndikuwerenga uthenga pafoni. Papita zaka ziwiri, koma ndikukhulupirira kuti makoma ake akundikumbukirabe. Nkhaniyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti mkazi wanga anaifotokozera kale amayi onse a kutchalitchi (ndi zokometsera zake), kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Choyamba mudziwe kuti ine ndine tenala. Ndinayamba kuyimba tenala ndili mnyamata ku Dowa, ndipo kuno ku Glasgow ndine mzati wa kwaya yathu ya Amalawi ku Springburn. Matenala tilipo atatu, koma awiri enawo amangoyasama kudikira kuti ndiwaonetse njira. (Akwayamasitala amati ndimaphimba anzanga. Ndi nsanje chabe.)

Mwana wathu Tadala anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene ngakhale Mngerezi weniweni amapempha kuti abwereze. Mawu oyimbira anatengera ine, ngakhale mayi ake amatsutsa. Akumaliza sekondale anatiuza kuti akufuna kuyimba opera, nyimbo zija munthu amayimba ngati waponda msomali koma akufuna kulongosola bwinobwino mmene wamupwetekera. Aphunzitsi ake anamupezera mwayi kwa mkulu wina, a Lorenzo, tenala wotchuka dziko lonse amene anali kupuma ntchito. Mkuluyo amatenga ophunzira awiri okha pachaka, ndipo malo anali atatsala amodzi. Anati Tadala abwere ndi makolo ake ku konsati yawo yotsanzikana Loweruka masana, ikatha amumve mawu n'kumupatsa yankho. Mwanayo sankadya n'komwe sabata imeneyo.

Anatiwerengeranso mbiri yawo. Bambo awo anachokera ku Italy, ankagulitsa nsomba ndi tchipisi konkuno, ndipo iwo anayamba kuyimba akusenda mbatata kuseri kwa shopu. Kenako zaka makumi anayi akuzungulira Milan, Vienna, New York, Tokyo. Opera ndi sewero loyimba, ndipo ntchito yawo m'seweromo inali imodzimodzi kulikonse: kukonda mkazi wa mwini, kulira mokweza, kenako kubayidwa kapena kumwa poizoni. Ankafa katatu pa sabata, anthu n'kumawaombera m'manja.

"Nanga kwaya yawo inali iti?" ndinafunsa.

"Analibe kwaya, Dadi. Amayimba okha."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Kwathu nyimbo imakhala ndi woyambitsa ndi ovomera. Munthu woyimba yekha timamudziwa: mwina waledzera, mwina akudutsa pamanda ali ndi mantha. Zaka makumi anayi popanda ndi mmodzi yemwe wowavomera!

Loweruka litakwana ndinavala suti yanga ya ukwati. Tili m'sitima mkazi wanga anandigwira bondo.

"Bambo a Tadala, lero mwangobwera kudzaonerera. Mwamva? Pakamwa apo patsekedwe."

"Dadi, chonde," anatero Tadala. "Osaomba m'manja ena asanayambe, osavina pampando, osayimbira m'mphuno."

Ndinalonjeza zonse, ndipo ndinakhumudwa ndithu kuti akundiona ngati munthu wosayenda.

Pakhomo la holo tinakumana ndi a Lorenzo eni ake, kamkulu kafupi, kaimvi, katakulunga sikafu m'khosi. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri n'kuwauza kuti asade nkhawa, inenso ndine tenala.

"Zoona?" anatero. "Mwayimbapo kuti?"

"Dowa, Kasungu, Springburn, ndi maukwati osawerengeka."

Ndinawalangizanso kuti asanayambe atafune kajinja, kamatsegula kukhosi. Anathokoza mwaulemu. Tadala ananditsina kumsana mpaka ndinamva kudzera mu jekete.

M'holomo munadzaza, koma kunali zii ngati maliro a munthu wopanda abale. Ngakhale chifuwa anthu ankachisunga, nyimbo ikatha onse n'kutsokomolera limodzi ngati anapangana. Kutsogolo kunali piyano, mayi woyiliza, ndi a Lorenzo ali okhaokha.

Ndisaname, mkulu uja amayimba. Atangotsegula pakamwa tsitsi linandiyima. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe la Chitaliyana, koma ndinadziwa kuti munthuyu wasiyidwa ndipo sachira. Misozi inalengeza. Nyimbo yoyamba phazi langa linayamba lokha kumenya pansi, mkazi wanga n'kuliponda ndi chidendene. Yachiwiri ndinangoyika kabesi pang'ono m'mphuno, kongowachirikiza, koma gogo wina wachizungu kutsogolo kwanga anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndamubera chikwama. Ndinadziletsa. Nyimbo zisanu ndi imodzi ndinadziletsa, ndipo zimenezi palibe amazitchula akamafotokoza nkhaniyi.

Vuto linabwera pa nyimbo yomaliza, chifukwa imeneyo ndinkaidziwa. Amaiyika pa kanema akamatsatsa sipageti, ndipo liwu lake lomaliza, lokwera lija, ndimalitulutsa m'bafa tsiku lililonse.

A Lorenzo anayamba pansipansi, n'kumakwera, n'kumakwera. Atafika pakhomo penipeni pa liwu lomaliza anatambasula manja, anatseka maso, basi n'kungoti chete. Mayi wa piyano naye anachotsa manja.

Ndinawerenga mumtima. Wani. Thuu. Firii. Palibe chotuluka. Nkhope ya mkuluyo inali itafiira, mtsempha wa pakhosi uli njo. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika, chifukwa ndachionapo kambirimbiri: mawu athawa. Kukwaya kwathu woyambitsa akagwa chonchi sitimuonerera, timamunyamula msanga mpingo usanazindikire. Ndinayang'ana uku ndi uku. Holo yonse ili duu, anthu akungomuyang'ana mkulu wa zaka zakezo akumira pamaso pawo. Mtima unandiwawa. Ndinati anthu awa alibe umunthu, koma lero m'nyumba muno muli tenala mnzake.

Ndinaimirira n'kulitulutsa liwu lija.

Abale, ndinalitulutsa lonse. Ndinaligwira, ndinalikoka, ndinalinjenjemeretsa kumapeto monga ndimachitira pa Pasaka. Ndinakwezanso dzanja kukodola anthu a kumbuyo kuti alowe, tithandizane. (Ichi ndicho chimandidzutsa thukuta mpaka lero.) Palibe analowa. Mpweya utandithera ndinapeza kuti ndaima ndekha, dzanja lili m'mwamba, ndipo mkazi wanga wasuntha mpando umodzi ngati sitinakwatirane.

Ndinamva pambuyo pake kuti kukhala chete kumeneko ndiko kunawatchukitsa a Lorenzo. Amaima dala, nthawi yaitali kuposa tenala wina aliyense, kuti anthu aiwale kupuma. Ena anali atakwera sitima kuchokera ku London kudzamva zimenezo. Tangoganizani, kugula tikiti kuti ukamve munthu atakhala chete!

Mkuluyo anatsegula diso limodzi, anandidikira mpaka nditakhala pansi, kenako anatulutsa liwu lake. Linali losalala, lopanda khama, ndipo linadutsa pamwamba pa langa patali ndithu. Holo yonse inaimirira kuomba m'manja.

Tadala sanaimirire. Anali atabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Apa m'pamene manyazi anandichoka n'kubwera mantha enieni. Mwana anadikira mwayi umenewu chaka chathunthu, ine ndauphwanya ndi pakamwa panga.

"Tiyeni tizipita," anatero, m'Chichewa. Tadala akalankhula Chichewa ndiye kuti zinthu zafika poipa.

Ndinakana. Ndinawatsogolera kukachipinda ka kuseri kumene a Lorenzo ankapumira, ndipo nditalowa ndinagwada pa kapeti, suti ya ukwati ndi zonse.

"Bambo, wolakwa ndine, mwanayu alibe mlandu. Kwathu munthu akayambitsa nyimbo sitimusiya yekha. Ndinaona ngati mawu akuthawani, ndiye ndinati ndikunyamuleni."

A Lorenzo anandiyang'ana. Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo ulendo uno ndinawasiya amalize okha.

"Mukudziwa," anatero pomaliza, "zaka makumi anayi malo amenewo ndimawaopa nthawi iliyonse. Anthu amati ndi luso. Ine ndimakhala ndikupempha Mulungu kuti liwulo libwere. Palibe anayesapo kundithandiza. Inu ndinu woyamba."

Chifuwa changa chinayamba kukula. Ndinamuyang'ana mkazi wanga kuti amve bwino.

"Ndipo ndikupempha kuti mukhalenso womaliza. Liwu lanu linaperewera, silinafike. Komanso bambo, ndikuuzeni zoona, inu si tenala. Ndinu baritoni amene akukuwa."

Baritoni ndi mawu apakati pa tenala ndi besi, amene kukwaya kwathu tilibe ndi mzere wake womwe. Kunena zoona, akanandimenya mbama zikanakhala bwino. Mkazi wanga anatulutsa kaphokoso kena m'mphuno n'kunamizira chimfine.

Kenako a Lorenzo anamuitana Tadala kuti ayimbe. Mwanayo anapukuta misozi, anaima chilili, n'kuyimba mawu akunjenjemera poyamba, kenako akuwongoka. Ine ndinaluma tayi kuti ndisalowe. Atamaliza, a Lorenzo anagwedeza mutu.

"Loweruka lililonse, teni koloko, kunyumba kwanga. Koma pali lamulo limodzi." Anandiloza. "Baritoni azitsala kunja kwa geti."

Ndiye mpaka lero Loweruka ndimamuperekeza Tadala mpaka pageti, ine n'kuwoloka msewu kukadikira pashopu ya samusa. Zenera likakhala lotsegula ndimamumva akukwera, akukwera, kenako n'kuima paja pamene anamuphunzitsa kuima. Ndaphunzira kuika samusa yathunthu m'kamwa nthawi imeneyo, ndipo kawirikawiri zimathandiza.

Za ubaritoni zija sindinawauze akwayamasitala, ndipo nonse mukuwerenganu musakawauze. Lamulungu lililonse ndimaima pamalo anga, mzere wa tenala, kutsogolo. A Lorenzo ndimawalemekeza, anayimba ku Milan ndi ku Tokyo, inde. Koma ku Dowa sanafikeko.