Ana Anayi Osajomba

Lolemba

Uthenga wafika pafoni: Lachisanu akubwera! Munthu mmodzi wochokera ku Boma, kudzayendera sukulu yathu ya mkaka. Tikakhoza, satifiketi. Tikapata satifiketi, bungwe lina lothandiza ana litipatsa ufa wa phala mpaka nthawi yokolola. Tikalephera, ana anga apitiriza kuimba a-e-i-o-u m'mimba muli mphepo yokhayokha. Januwale uno kuno ku Edingeni ena akumabwera atangokukuta mango osapsa. Zimandiwawa.

Zofunika, malinga ndi fomu:
- chimbudzi cha chitseko (chathu chili ndi thumba la feteleza)
- mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo
- thandala
- zoseweretsa (tili ndi zidole zadothi zisanu, ziwiri zilibe mitu)
- komiti ya anthu khumi (ndikudziwapo atatu)
- kaundula wa ana osachepera 30

Ndawerenga katatu. Ana 26!

A Shaba, wapampando wa komiti, akuti ndisadandaule. Aima pakhomo pa chigafa cha fodya chomwe timaphunziriramo, maso ali ku kamsitu ka kuseri, akutchula mmodzimmodzi: Yotamu Shaba, Esinala Shaba, Zakeyo Shaba, Tafwakose Shaba. Ine ndikulemba ndi bolopeni. Mayina achikale bwanji, pakati pa a Prince ndi a Favour! "Ndi ana a panyumba pathu, madamu, mbwenu lembani waka." Nanga tikabuku tawo ta kusikelo? Akuti tidzanena kuti tinadyedwa ndi chiswe.

Ine wa ku Dedza, zaka zitatu zokha chikwatiwireni kuno, ndingadziwe ana a nyumba iliyonse? Ndajambula tsambalo, ndatumiza ku Boma. Takwana!

Lachiwiri

Mpondagiya wamangidwa. Thandala lapendama koma laima. A Shaba akwera lole kupita ku Luwawa kukafuna matabwa a chitseko.

Kuyeserera kuitana mayina. Ukamva dzina lako, yankha kuti "Pulezenti madamu!" Prince akuyankhira aliyense, ndiye ndamukhazika pafupi ndi mwendo wanga. Ndikuwerenga mpaka mmunsi mwa tsamba, lilime langotsetsereka lokha: Yotamu Shaba.

"Nili pano."

Mawu aang'ono, osasa ngati a mwana wachimfine, kuchokera kumapeto kwa mphasa. Ndadzutsa mutu. Ana onse akundiyang'ana, milomo chitsekere. Ndani wayankha? Palibe. Ndayesa Esinala. "Nili pano." Zakeyo ndi Tafwakose sindinayese, ndalengeza nthawi yopuma.

Zotheka:
- Prince (koma ndinamugwira kolala)
- malata a chigafa akubweza mawu
- njala yangayi

Titabwerera mkati, ana athinana mbali imodzi, asiya mphasa yakumapeto yopanda munthu. Ndikuti sunthirani uko. Favour akuti, "Pali wanthu apo, madamu."

Lachitatu

Lero ndiitana mayina onse mokweza, ndithetse zopusazi. Ndaima pakhomo kuti ndione pakamwa pa aliyense.

Apongozi anga, a NyaTembo, akudutsa ndi khasu kuchokera kumunda. Ndafika pa Tafwakose. Khasu lija phu! pansi. Kumphasa kwayankhidwa kale.

Andikokera kuseri kwa thandala. "Mkamwana, mayina amenewa wawatola kuti?" Ndanena. Akhala pansi pamatope pomwepo.

Akuti anayiwo ndi abale ake a Shaba, obadwa nawo bere limodzi. Anamwalira ali ana, chaka china cha njala, ine ndisanabadwe. Anagonekedwa mu kamsitu ka kuseriko, komwe ine ndimati ndi koswerako nkhuni basi, osadziwa kuti ndi manda, kuno amati malaro. Kuno khanda likamalira osatonthola amati likulirira dzina, amalipatsa la malemu wina, n'kukhala chete. Koma mayina anayiwa palibe khanda linawalirirapo. Akhala osaitanidwa zaka zonsezi. "Sono iwe wawachema kusukulu, mokweza, nkhope kuloza kumalaro!"

Safunsa anadya phula. Ndadya ine.

Pofika masana nkhani yafika kumjigo. Amayi atatu adzatenga ana awo nthawi yoweruka isanakwane, osandiyang'ana kumaso. Foni ya a Shaba ndi yozimitsa.

Lachinayi

Ana asanu ndi anayi! Mawa ndi tsiku lija!

Zifukwa zomwe ndalandira poyenda khomo ndi khomo:
- chimfine (nyumba zisanu)
- kabudula sanaume
- wapita kwa agogo ake ku Boma
- "Yewo chomene madamu, kweni wathu akhale dankha pa nyumba"

Amake Favour sananame. Akuti mwana wawo anawapempha makapu awiri, ina ya Esinala.

Ndatenga kaundula kuti ndifufute. Bolopeni safufutika. Kung'amba tsamba sikutheka, masamba ali ndi manambala, ndipo chithunzi chili kale ku Boma. Kudula mzere? Apongozi andigwira dzanja. Akuti munthu amene wamuitana wekha sumuchotsa ndi mzere, kumeneko ndi kumuika m'manda kachiwiri. Ndiye ndichite chiyani, amama? Akuti akuluakulu akhala pansi Loweruka. Loweruka! Ku Boma amadziwa Loweruka?

Sindinaitane mayina lero. Tangoimba. Ana asanu ndi anayi, koma nyimbo ikumveka yodzadza bwino, sindinama. Pa mpondagiya ndinathira madzi kamodzi, palibe anatuluka, ndapeza chigubu chili gwa, chouma. Sopo wanyowa.

Chitseko cha chimbudzi ndazula cha kukhitchini kwanga. Bambo akunyumba akuti akudikira kuona tsiku lomwe ndidzazule denga.

Lachisanu

Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Ndasesa, ndayala mphasa, zidole zopanda mitu ndabisa m'thumba. Eyiti koloko, palibe mwana. Naini koloko, palibe. Ngakhale Prince, amene amabwera ndi pa Khirisimasi pomwe!

Njinga yamoto. Bambo wamtali, wa Chichewa chakwathu, jombo zamatope mpaka m'mawondo. Ndamuzungulitsa panja pang'onopang'ono, mwina ana angatulukire. Chimbudzi: wakhoza. Mpondagiya: waponda kawiri, wasekerera, wakhoza. Thandala: waligwedeza, silinagwe. Komiti: ndati ali kumaliro. Ayi, sindinaname kwenikweni, kuno tsiku lililonse wina amakhala ali kumaliro.

Chigafa chathu tinachigawa pakati ndi mpanda wa bango, uku ofesi, uko kalasi. Ndamukhazika ku ofesi. Ndikukonza bodza la mvula, ndipo kuseri kwa bango kwamveka kutsokomola. Kenako mphasa kukhwekhwereza.

"Aa, anatu alimo kale. Ndisadetse mphasa zanu ndi matopewa, mayi, ndiitanira pompano."

Ndaima chilili, kaundula ali m'manja mwake. Prince: zii. Favour: zii. Mayina 26, zii yekhayekha, cholembera chikungodula timitanda. Yotamu Shaba.

"Nili pano."

Onse anayi, mmodzimmodzi, mwaulemu, osalimbirana. Tafwakose mawu ake ndi ochepetsetsa, ngati wangophunzira kumene kuyankhula. Bamboyo sanadzutse mutu n'komwe.

"Anayiwa mwawalera bwino, mayi. Koma anayi pa 30, fomu siyilola. Limbikitsani makolo enawo atengere chitsanzo banja la a Shaba."

Satifiketi palibe. Ufa palibe. Akuti adzabweranso mu Epulo. Mu Epulo, pomwe ndi mbuzi zomwe zimakhala zitakhuta! Wasiya maswiti anayi patebulo, wakwera njinga, wapita. Ine kuseri kwa bango sindinasuzumireko. Ndakhoma loko, ndathamanga mpaka kunyumba, chitenje m'manja.

Loweruka

A Shaba atulukira, matabwa awiri paphewa, mluzu pakamwa. Ndinakonza mawu usiku wonse, ena a kwathu ku Dedza osayenera kulembedwa muno.

Bwalo pansi pa mtengo wa mango. Akuluakulu, amayi, mkulu wampingo. A Shaba afunsidwa: bwanji mayina amenewo, mayina atha padziko? Ayamba ndi nzeru: amati palibe kholo lingabwere kudzatsutsa. Anthu ang'ung'udza. Kenako a Shaba aulula, chipewa akuchipotokola. Akuti pomwe ndinati ndikufuna ana anayi oti alembedwe pa phala, mayinawo anangofika okha pakamwa. Iwo ndi amene anatsala, poti anali woyamwa. "Enawo anapita akupempha chakudya."

Mawu anga aja andithawa onse. Ndalira, mwaukali koma ndalira.

Chigamulo: kukapepesa kumanda, kuwauza anawo kuti sukulu yatsekera, abwerere akapume. Mkulu wampingo akuti iye sakuona, watembenukira kumunda wa fodya. Popepesa pamafunika ufa. Nyumba ili ndi ufa wotaya mwezi uno ndi iti? Maso onse kwa ine. M'kabati ya ofesi munatsala kambale kamodzi ka ufa wa phala, komwe ndimasungira mwana akakomoka.

Apita nako amuna okhaokha. Abwerako kambale kali mbee. Maswiti aja patebulo sindinawapeze, ndipo loko ndinatsekula ndekha.

Lamulungu

Kutchalitchi ana anga onse 26 alipo, chimfine chatha, makabudula auma. Prince wagona pamiyendo pa amake nyimbo yoyamba isanathe. Kale ankavina mpaka kugwetsa benchi. Tikhosi tawo tawonda, ndikutiona bwinobwino kuchokera kumbuyo kuno.

Amayi a anawo akuti aona kaye sabata imodzi kapena ziwiri, ngati kupepesa kwagwira. Sindikuwada. Akanabwera Lachisanu, popanda anayi aja 26 sakanakwanabe. Ndikanapanda kulemba bodza, sitikanakwanabe. Fomu imafuna 30 okhuta mokwanira kuyenda mpaka kuchigafa, kuti iwapatse chakudya.

Ndadutsira kusukulu pobwerera, kungoona loko. Ali bwinobwino. Ndaima pang'ono. Mkati wina akuyeserera motsitsa, akulakwitsa, akuyambiranso: "Pule... pulezenti madamu."

Mawa nditsekula nthawi yake. Kaundula ndi kaundula, ndiitana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amoyo akadzabwera adzandipeza. Pakadali pano ndiphunzitsa omwe alipo, poti ndi okhawo m'mudzi muno angadikire mpaka Epulo.