Wezulo ya Shifitibosi m'Bulugamu wa Amayi

Nzeruyo inabadwira m'thaveni ya ku Wusakile, Loweruka masana, pa chigubu chachitatu cha masese. Mwini wake anali Evaristo Nkhoma, amene anthu ankamutchabe Shifitibosi, kapitawo wa pamgodi, ngakhale mgodi unali utagulitsidwa ndipo shifiti yokhayo yomutsalira inali ya pabenchi.

Vuto lake linali moto. Magetsi aulere anapita limodzi ndi ntchito. Amayi a m'komboni, poona patali, anali atadzala kale bulugamu kuseri kwa mulu wa zinyalala za mgodi, ndipo lamulo lawo linali limodzi: banja lopalira Lachiwiri limasenza mtolo wa nthambi zouma Lachisanu. Evaristo anakanitsitsa kwamtuwagalu kugwira khasu molamulidwa ndi azimayi. Mkazi wake Damaris, amene msana unamuletsa kulima, anatopa ndi kupempha makala kwa aneba. Anamuuza kuti Lolemba likafika kukhitchini kuli zii, akupita kwa mkulu wake ku komboni ya Chimwemwe.

"Bane, ife tinkagwetsa miyala one thousand metres pansi pa nthaka," anatero Evaristo kwa anzake awiri akumgodi m'thavenimo. "Kamtengo ka bamayo, azimayiwa, kangatikanike?"

Jonah Jekihama, wa mikono ngati mitsi, anavomera asanamve zonse. Fredrick, amene kumgodi ankayang'anira za chitetezo mpaka kupatsidwa dzina loti Sefite, anavomeranso, bola ntchito iyende mwadongosolo. Anapangana za Lamlungu naini koloko, amayi onse ali m'tchalitchi.

Anafikadi pa nthawi, atavala zipewa zamgodi ndi majombo, mbava zooneka patali. Jonah atangosamula nkhwangwa, Sefite anamugwira dzanja. Mpini ukugwedera, akuti, uyambe wakhomedwa. Kenako anamangirira nsanza zofiira m'njira zonse ziwiri, nawayimika anzakewo kuwalangiza za kothawira mtengo ukamagwa. Nkhwangwa inalawa mtengo cha m'ma ileveni.

Bulugamu atayamba kulira, Evaristo anapisa m'thumba. Kwa zaka makumi awiri anali asanagwetsepo chinthu osachenjeza anthu, ndipo dzanja silinafunse mutu. Anaimba wezulo katatu, mokweza, mpaka agalu a ku Wusakile anayankha. Ine ndaonapo mbava zopusa, koma yodziitanira mboni ndinayamba kuimva tsiku limenelo.

Mapemphero anali atangotha. Amayi makumi atatu, motsogozedwa ndi Mayi Lorna, wapampando wa nkhalangoyo, anakhotera komwe kunalira wezulo. Pa nsanza yofiira anakumana ndi Sefite atatambasula manja.

"Imani apo, bamayo! Danger! Kulibe kupita mpaka all clear, wezulo yotsegulira njira."

Akazi a anthu amgodi malamulo amawadziwa. Anaima mwaulemu, Mabaibulo m'manja, n'kuonerera mtengo wawo ukugwa.

Jonah ananong'oneza kuti aliyatse liwiro cha kumulu. Evaristo anamuyang'ana monyoza, nati munthu sachoka pa ntchito malo asanatsegulidwe. Anazungulira chitsa, anayang'ana m'mwamba ngati mwatsala nthambi yolendewera, kenako anaimba wezulo yaitali yotsegulira njira. Sefite anamasula nsanza, amayi aja nalowa.

Mlandu sunatenge nthawi. Aliyense adzale mbande makumi asanu, azithirira, ndipo Lachiwiri lililonse azioneka ndi khasu mpaka chaka chithe. Za mtengowo Mayi Lorna anati poti wagwa kale, ba Evaristo autenge. Mkuluyo anamwetulira, kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anausenza zidutswazidutswa kudutsa komboni yonse, anthu akuwaombera m'manja. Lolemba m'mawa Evaristo anagwada pakhonde, akuuzira nkhuni zaziwisi. Zinkangotuluka thovu ndi utsi, iye misozi ili chuchuchu, machesi atatha bokosi lonse. Za miyala ankazidziwa, koma nkhuni anali asanatolepo chibadwire. Apa ndiye ndinamumvera chisoni.

Damaris anatuluka ndi chikwama chake, naima kumbali kwa utsi.

"Bashi Karen, zimenezo zidzauma mu October," anatero mofatsa, pomutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo. "Zikadzayaka, mudzanditenge ku Chimwemwe."