Kapulogalamu Kanga Kosavinidwa

Lolemba

Zikomo Ambuye, magetsi alipo, vuto ndalipeza! Kapulogalamu kanga kotumizira mafayilo pa makompyuta anayi a pasukulu pano n'kabodza. Fayilo ifike, isafike, iko kumangoti "Zafika bwino." Ndinakalemba ndine ndemwe, ndiye ndikalipire ndani?

Teremu yatha malikisi a Fomu 2 anasowa choncho. Makolo anayenda kuchokera ku Luwani n'kubwerera opanda malipoti a ana, ine nditabisala mu laibulale. Lachisanu lino tikutsekera. Malikisi onse afike pa kompyuta ya a Hedi, apo ayi nkhope yangayi ndikaiika kuti?

Lachiwiri

Ndakonza! Tsopano kakunena zoona:
waya akazuka, kakuti waya wazuka;
malo akadzaza, kakuti adzaza;
wina akazimitsa chinthu, kakumutchula dzina.
Ichi chomalizachi ndikunyadira nacho kwambiri. A Kamwendo a masamu andipatsa manachesi awiri. Anthu abwino akadalipo.

Lachitatu

Mayo ine! Pa makompyuta onse, kasanu m'mawa umodzi: "Zalephereka. Netiweki yazimitsidwa mu ofesi ya a Hedi."

Ndikusuzumira. Soketi m'menemo ndi imodzi. A Hedi azula kabokosi ka netiweki, alumikiza ketulo. Ndiye kuti manyazi onse a teremu yatha aja anali tiyi basi!

M'chipinda cha aphunzitsi anthu akugwa nako kuseka. Mayi Banda a Chichewa, akupukuta misozi: "Aphunzitsi, kamakina kanuka n'kosavinidwa eti?"

Lachinayi

A Hedi andiitana. Sakukalipa, ndikuthokoza. Andithiriranso tiyi, wa ketulo yomweyo, wamkaka, shuga masipuni atatu. "Munthu wamkulu satchulidwa pagulu, aphunzitsi. Kaphunzitseni ulemu kameneka."

Za soketi ndiziyamba bwanji kapu ili m'manja? Ndikungoti inde bwana, inde bwana.

Uthenga watsopano, nditaufewetsa kanayi: "Pepani, zikuoneka ngati penapake pavuta pang'ono, koma tisadandaule." Waulemu zedi. Ngakhale kwa apongozi ungautumize.

Lachisanu

A Kamwendo atumiza malikisi a masamu, awerenga kuti tisadandaule, sanadandaule. Atseka kompyuta, apita kukayang'anira ana osesa.

Makolo adzaza pansi pa mtengo. Masamu kulibe. Ketulo ikulira mu ofesi. Ine thukuta mpaka m'masokosi. Mayi wina wa ku Luwani wandizindikira: "Si inu munabisala tsiku lija kodi?" Ndine, mayi, ndine.

Kenako Mayi Banda, osafunsa munthu, agogoda kwa a Hedi, apinda bondo pang'ono. "Bambo, lero muli ndi alendo ambiri. Bweretsani ketuloyi ndizikuwiritsirani kunyumba kwanga." Atuluka nayo ataikumbatira, kabokosi atakalumikiza kale ndi dzanja linalo. A Hedi akuthokoza mpaka pakhomo!

A Kamwendo atumizanso. Zafika, zenizeni. Malipoti atuluka dzuwa litapendeka, koma palibe kholo labwerera chimanjamanja. Ndikufuna kulira.

Loweruka

Ndikuchapa, mutu uli pa uthenga uja. Wachilungamo ukunyoza a Hedi. Waulemu ukugoneka a Kamwendo. Ndalemba mauthenga asanu ndi umodzi kuseri kwa envulopu, onse oipa. Soketi yachiwiri akuti ikudikira komiti ya sukulu.

Ndawapititsira Mayi Banda mbatatesi yodzaza beseni. Akana katatu, alandira.

Lamulungu

Kutchalitchi ndathokoza chifukwa cha magetsi, a Hedi osapsa mtima, ndi makolo opirira. Ketulo nayo ndaikhululukira.

Zoti makina anganene zoona popanda kukhumudwitsa munthu, ine zandikanika, ndavomera. Madzulo ano ndadutsa kusukulu, ndafufuta mauthenga onse aja. Kaya ndi waya, kaya ndi malo, kaya ndi tiyi, teremu ya mawa kazingonena chinthu chimodzi:

"Zalephereka. Itanani Mayi Banda."