Madisiki Atatu a Malemu Bambo

Amene akuti ndine wabodza atseke kope lino pompano, apatsire mnzake wapambali, chifukwa ine Tiwonge Gondwe wa Fomu 2 ndili ndi nkhani yabwino yoti ikundiyabwa pakamwa, ndipo ndikulumbira pa manda a bambo anga, manda oti udzu sunamerepo.

Bokosi lafika, anzanga. Koma dikirani, ndiyambe poyambira.

Bambo ankatayipa makalata a anthu kuseri kwa msika pa Boma pano, pa kompyuta imene anawasiyira dokotala wachizungu pobwerera kwawo. Pulogalamu yolembera inali pa madisiki atatu akuda, opyapyala ngati chikuto cha kope, ndipo panali pepala la kampani ya kunja lolonjeza kuti yatsopano ikamatuluka azititumizira ulere mpaka kalekale. Bambo atamwalira achibale anakhala pansi kugawa katundu monga mwa mwambo, uyu nsapato, uyu njinga. Kompyuta anasiyira mayi poti palibe ankadziwa poyatsira, koma madisiki anati ndi atatu, agawika bwino, anthu atengeko chikumbutso. Mayi anali pamphasa atafunda kumutu. Akanayankhula bwanji?

Kenako pulogalamu ija inayamba kumafa pakati pa kalata, anthu n'kumabwerera pakhomo ndi mapepala awo, ndipo abambo aakulu a ku Embangweni analamula kuti ntchito ikaima tonse tipite kumudzi, ine ndisiye sukulu. Mbwenu Lachinayi lina kalata ya kampani n'kufika, itagona m'njira miyezi iwiri. Akuti za mpaka kalekale zija zatha, malamulo asintha, wofuna yatsopano komaliza atumize madisiki akale onse atatu, chidindo cha kupositi chisapitirire Lachisanu. Mawa lake limenelo. Mukumva?

Tambala atangolira ndinamanga chitenje n'kuuyamba wa ku Embangweni, liwiro lake loti anyamata ofunsa makhadi a chipani pamsewu anangomva mphepo zipewa zili m'mwamba, mtsinje ndinaupeza utadzaza mpaka m'mitengo koma ndinawoloka madzi asanaganize zondinyowetsa, ndipo chithunzithunzi changa chimene ndinachisiya pa Boma ndinakumana nacho pobwerera chili wefuwefu, chikufunsa anthu njira. Abambo aakulu ndinawapeza atavundikira chikho cha chambiko ndi disiki yoyamba. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafotokoza.

"Mwana wamkazi kudzalanda chuma cha mng'ono wanga?" anatero. "Amako akutuma, eti?"

Ndinati ayi adada, pepani. Akuphethira kamodzi ndinali nditasolola disiki n'kuikapo mbale, ntchentche imene inkadikira pakamwa pa chikho sinapeze mpata, ndipo mpaka lero akuluwo amauza alendo kuti chikumbutso chawo chinasanduka mbale chifukwa cha chisoni.

Yachiwiri inali kwa azakhali ku Chikangawa, ndiye ndinakwera mapiri aja dzuwa lisanafike pamutu, ndipo nkhungu ya tsikulo inali yolimba yoti azimayi ankayanikapo zovala, ine ndinachita kuing'amba ndi rula ya m'kalasi kuti ndidutse, mitengo ya paini ikuwerama mbali zonse ngati ana a Sitandade 1 pamaso pa ahedi. Musaseke, funsani ocheka matabwa chifukwa chake matabwa a chaka chino ali okhota. Azakhali ankakupizira moto wa mbaula ndi disiki ija. Sanakane. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaiyang'ana nthawi yaitali, akuti, "Ndiye nditsala ndi chiyani cha mlongo wanga?" Kenako anandipatsa. Ndinangoti yewo chomene.

Yachitatu ndiye inavuta. Inali m'thumba la jekete ya bambo, jekete inapita kwa a Mhango msuweni wawo, oyendetsa lole ya matabwa, ndipo lole inali itanyamuka m'mawa kupita ku Lilongwe. Ndinaitsatira ndi fungo la utsi, ndinadutsa basi, ndinadutsa galimoto ya boma, ndinaipeza ikutsetsereka itasenza nkhalango yathunthu, ndinagwira thabwa lakumbuyo ndi dzanja limodzi n'kuponda pansi, matayala onse n'kumazungulira malo amodzi mpaka kukumba dzenje limene madalaivala amalitukwana mpaka pano. A Mhango anatsika atavala jeketeyo. Ine dzanja m'thumba lake, disiki n'kusolola.

Jekete ija inkanunkhirabe bambo, sopo wawo ndi inki. Tsiku lonselo ndi pamenepo pokha pomwe ndinaima.

Pofika pa Boma akalaliki a kupositi anali atatseka kale chitseko, atakweza chidindo kuti amenye kalata yomaliza, ine ndili kumsika, ndiye ndinaponya envulopu kudutsa pamwamba pa ogulitsa tomato, inakhota pakona, inalowa pawindo, inagona pansi pa chidindo, phaa. Lachisanu. Mukumva inu?

Ndiye dzulo bokosi lafika, loyera, dzina la bambo lili pamwamba, m'kati madisiki khumi ndi awiri onyezimira, aulere, monga analonjezera.

Chimodzi chokha. Atsopanowa ndi ang'onoang'ono, olimba ngati bisiketi, pomwe kukamwa kwa kompyuta yathu n'kwa aakulu aja. Mayi anayesa chafufumimba, anayesa cham'mbali, kadisiki kanangogwera m'kati n'kumalira kokoko. Kapepala kake akuti pamafunika makina atsopano. Akale aja ndinatumiza ndekha. Mayi anadzuka n'kuyamba kumanga mapoto m'chiguduli.

Galimoto yotitenga ibwera Loweruka. Desiki yanga ya pawindo atenge Fiskani, amavutika kuona pabolodi. Koma bokosi ndibwera nalo mawa, muligwire nonse mmodzimmodzi, musambe m'manja kaye, ndipo amene adzanene kuti Tiwonge sanathamange adzanenere ine nditapita.