Nyama Imene Ndinabweza Kawiri

Linali Loweruka loyamba la Disembala, chaka chimene tinalandira ufulu, cha m'ma wani koloko masana. Nkhaniyi ngakhale mkazi wanga sindinamuuzepo.

Ndinali kalaliki ku mgodi ku Kitwe. Mkazi wanga anali kwathu ku Katete kudikira mwana wathu woyamba, ndipo m'nyumba munkangolankhula wailesi. Anzanga akuntchito ankacheza m'Chibemba, chimene ndinkachimva koma osatha kuseka nacho. Tsikulo ndinavala tayi n'kupita ku hotela ina m'tauni, kumene kale munthu wakuda sankaloledwa kukhala pampando.

Woperekera zakudya, Mbemba wamtali, anandifunsa kuti nyama yanga aiwotche motani. Funso lotere ndinali ndisanalimvepo (kwathu nyama imangopsa, basi). Poopa kuoneka mbuli, ndinaloza mbale ya mzungu amene anakhala pafupi, n'kunena kuti ngati iyo.

Itabwera ndinaicheka, magazi n'kuyenderera mpaka ku mbatatesi. Ndinamuuza woperekera uja mwaulemu kuti mwina khukhi waiwala kuyatsa moto. Anainyamula akumwetulira. Inabweranso ili yofiira pakati, ine n'kuibwezanso. Apa anati ife akum'mawa tinazolowera mbewa, zimene sizichedwa kupsa. Ndinafuna kumukumbutsa za anyani amene amadya kwawo, koma pamene ndinkawapeza mawu a Chibemba, iye anali atalowa kale kukhichini.

Kachitatu inabwera ili bii ngati khala, ataigwira khukhi mwiniwake, bambo waimvi. Anayamba kundikalipira m'Chibemba, koma nditangoyankha anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Katete, bambo."

"Ndiye mwana wakwathu n'kumandichititsa manyazi pamaso pa Abemba? Mbale ya mzungu waloza wekha. Zakudya za eni umayamba wafunsa."

Chinali Chinyanja cha kumudzi chenicheni, chimene ndinatha miyezi inayi osachimva. Apa m'pamene ndinapusa kwambiri. M'malo mopepesa ndinapitiriza kukangana naye, za mchere, za msuzi, za mpeni wobuntha, kuti asabwerere msanga kukhichini. Anthu anasiya kudya n'kumationerera. Mapeto ake mwini hotela anatulukira, ndipo bambo uja anadzudzulidwa pagulu chifukwa cha ine. Khala lija ndinalidya lonse, ndekha, nsagwada zikuwawa.

M'mawa mwake, nditatuluka m'tchalitchi, ndinazungulira kuseri kwa hotelayo kuti ndikapepese. Khukhi uja ndinamupeza pakhomo akusenda anyezi.

"Wabwera kudzabweza chiyani lero?"

Ndinati palibe. Anandikankhira kabokosi ndi phazi kuti ndikhalepo, n'kundipatsa mpeni, kenako anafunsa kuti ku Katete ndine wa mudzi wa yani. Anyezi naye ndinamusenda molakwika, ndikutaya wabwino pamodzi ndi makoko, ndipo anandikalipira mpaka masana. Kunena zoona, anyezi wachitatu ndinamulakwitsa dala.