Galu amene ndinamuphunzitsa kuthawa

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa Che Saidi ndimayenda chowerama, iwo n'kumangomwetulira. Wandichititsa zimenezi ndi Bulaki, galu amene malemu bambo anga anandisiyira ku Chitala. Nditasamukira kunyanja kuno ndinabwera naye, koma fungo la usipa linamuzunguza mutu. Ukangotsegula chitseko, iye liwiro, kutsala fumbi lokha.

Che Saidi ndi aneba anga, amayanika usipa, ndipo ndi Asilamu. Kwa iwo chiwiya chimene galu wanyambita chadetsedwa. Tsiku lina Bulaki anakamwa madzi m'ndowa imene amasambira asanakaswali kumzikiti. Anandiuza mwaulemu kuti zikachitikanso, galuyo abwerere ku Chitala. Mtima unandiwawa, chifukwa chimene chinanditsalira cha bambo anga ndi galu yekhayo.

Ndinayamba ndi chingwe. Anachitafuna. Ndinagula tcheni n'kumangirira kumwendo wa mpando umene ndinakhalapo (musandifunse chifukwa chake). Kunangodutsa mbuzi, ine ndinapezeka chagada mumchenga, miyendo m'mwamba, pamaso pa amayi ochokera kuchigayo. Mmodzi mpaka anatula thumba la ufa kuti aseke bwino.

Kenako inandibwerera nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya: akathawa ndizimuitana, akabwera ndizimupatsa mutu wa chambo. Zinatheka! Ndikangoimba mluzu, Bulaki uyu ali pamapazi panga. Ndinayamba kudzitama kubawo kuti agalu ine ndimawadziwa. Kungoti kuthawako kunawonjezeka, m'mawa, masana, ngakhale atangodya kumene (mitu ya chambo inkathera iye, ana akungoyang'ana).

Ndiye Che Saidi anandiitanitsa. Ndinapita ndikuganiza kale za ulendo wa ku Chitala. Iwo anangondilozera kuseri kwa mpanda wawo. Bulaki anali khale pamthunzi, usipa osaulabadira n'komwe, makutu ali tcheru kuloza kwathu.

"Achimwene, galu wanuyu sakuthawa ayi," anatero. "Amabwera kudzadikira mluzu wanu. Mwamulemba ganyu yothawa, ndipo mukumulipira bwino."

Ndinasowa poyang'ana. Anandilangiza kuti mluzuwo ndiusiye, mutu wa nsomba ndizimupatsa pokhapokha wagona pakhonde. Pamwamba pa apo anayamba kunditumizira mitu ya nsomba yochokera pakhomo pawo, kuti ana anga nawonso apume. Pasanapite nthawi Bulaki anasiya kuyendayenda.

Ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Munthu amene sakhudza galu ndi amene anandipulumutsira galu wa bambo anga. Mulungu awadalitse.

Cholakwa changa chinali kufotokozera mkazi wanga zonsezi. Ndikachedwa kubawo sanditumiziranso uthenga, koma ndiwo yabwino imatuluka tsiku limene ndakhala pakhomo. Masiku ano ine ndi Bulaki timaswera pakhonde limodzi, tonse maso ali kukhitchini.